Phewa likamanyamula chitsulo: zimene zimachitika m'kati ndi njira yolilimbitsira osalivulaza

Tukulani mkono wanu mpaka ukhudze khutu. Ubwezeni pansi, muupititse kumbuyo ngati mukufuna kukanda pakati pa msana, kenako muuzunguze mbali zonse. Palibe mfundo ina m'thupi imene ingayende chonchi. Koma kumasuka kumeneku kuli ndi kuipa kwake. M'chiuno, mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'dzenje lakuya, moti mafupa enieniwo amagwirana. Paphewa si choncho: mutu wa fupa la mkono ndi waukulu, koma pokhala pake ndi kambale kakang'ono kosazama, ndipo nthawi iliyonse ndi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi a mutuwo limene limakhudza kambaleko. Ndiye chimene chimagwira mkono wanu kuti usachoke m'malo mwake mukamakankha chitsulo pamwamba pa mutu si mafupa ayi. Ndi minofu.

Ine ndinazidziwa mochedwa zimenezi. Zaka zanga zoyamba kunyamula zitsulo ndinkangosamala minofu imene ndinkaiona pagalasi: chifuwa, kutsogolo kwa mapewa, mikono. Ndinkakankha, n'kukankhanso. Kenako phewa lakumanja linayamba kulasa ndikamavala malaya, usiku n'kumandidzutsa ndikaligonera, mpaka ndinatha miyezi ingapo osakhudza chitsulo. Mnofu waukulu unali ndi mphamvu ndithu. Timene tinatsalira ndi timinofu tobisika pansi pake, timene sindinkatidziwa n'komwe. N'chifukwa chake malangizo awa akuyambira m'kati kutulukira kunja, ndipo ndikukupemphani kuti musadumphe magawo oyambawa pothamangira zitsulo.

Gawo 1: Idziweni minofu yake poigwira ndi dzanja

Ikani chikhatho chakumanzere paphewa lakumanja, pa mnofu wobulungira umene waphimba phewa ngati chipewa. Imeneyo ndi deltoid. Ndi mnofu umodzi koma uli ndi zigawo zitatu, ndipo zonse zimakathera malo amodzi, chapakati pa fupa la mkono wakumtunda, mbali yakunja. Chigawo chakutsogolo chimayambira pa fupa lopingasa lija la m'munsi mwa khosi. Tukulani mkono kutsogolo, muchimva chikuuma pansi pa zala zanu. Chapakati chimayambira pansonga pa phewa, pa kafupa kotchedwa acromion kamene kali ngati denga la mfundoyi; tukulani mkono chammbali, chimene chikulimbacho ndi chomwecho. Chakumbuyo chimayambira pa mzere wa fupa lophwatalala lakumsana, lija madokotala amati scapula. Kankhirani chigongono kumbuyo, muchimva. Chigawo chilichonse chimakokera kwake, choncho kanyamulidwe kamodzi sikangazikulitse zonse mofanana.

Koma pali vuto limene deltoid payokha singalithe. Mkono ukakhala pansi, m'mbali mwa thupi, ulusi wa deltoid umakhala utaima motsata fupa. Ikakoka, mphamvu yake yambiri imafuna kukweza fupa lonselo m'mwamba, kulunjika ku denga lija, m'malo molizunguza. Pakati pa mutu wa fupa ndi dengalo pali kampata ka sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono, ndipo m'kampatamo mumadutsa mnyewa, chingwe cholimba chomangirira mnofu ku fupa, komanso muli kathumba kamadzi kothandiza kuti zinthu zisamakhulane. Pakanapanda chogwira, bwenzi zonsezi zikupanikizika nthawi iliyonse mukatukula mkono.

Chogwiracho ndi timinofu tinayi timene pamodzi timatchedwa rotator cuff. Tonse timayambira pa scapula, ndipo minyewa yake imakulunga mutu wa fupa la mkono: supraspinatus pamwamba, infraspinatus ndi teres minor kumbuyo, subscapularis kutsogolo, kuchokera pakati pa scapula ndi nthiti. Supraspinatus imathandiza kutukula mkono chammbali, tiwiri takumbuyoto timatembenuzira mkono kunja, subscapularis imautembenuzira m'kati. Koma ntchito yake yaikulu si kuyendetsa mkono. Ndi kukanikizira mutu wa fupa pakati penipeni pa kambale kaja, ndipo titatu tam'munsito timaukokeranso pansi pang'ono pamene deltoid ikukokera m'mwamba. Zikatero fupa silikwera, limazungulira pamalo amodzi, mkono n'kutukuka bwinobwino. Chitsulo chikalemera, deltoid imakoka kwambiri, ndiye timinofuti nato tiyenera kugwira kwambiri. Paja mutu umodzi susenza denga. Wamkulu akakula yekha n'kusiya ang'onowa m'mbuyo, phewa limayamba kudandaula.

Kuwonjezera pa deltoid ndi rotator cuff, gulu lachitatu ndi minofu yoyendetsa scapula. Fupa limeneli silinalumikizike ndi fupa la msana kapena nthiti. Limangoyandama pamwamba pa nthiti litagwiridwa ndi minofu, ndipo minofu 17 imamangirira pamenepo. Mkono wonse umalumikizana ndi mafupa a thunthu pa kamfundo kamodzi kokha, pamene fupa lopingasa lija limakumana ndi fupa la pakati pa chifuwa. Mwa minofu yonseyo, sungani itatu. Trapezius ndi yotambalala, kuchokera kunkhongo mpaka pakati pa msana. Ma rhomboid amakokera scapula chakufupa la msana. Serratus anterior imachokera m'nthiti, pansi pa khwapa, n'kukagwira m'mphepete mwa scapula. Imaimata ku nthiti ndi kuikokera kutsogolo.

Kufunika kwake n'kotere. Mu 1944 dokotala wa mafupa wa ku America, Verne Inman, ndi anzake awiri anafalitsa zimene anapeza atayeza kayendedwe ka phewa: mkono ukatukuka kuchokera pansi mpaka pamwamba pa mutu, madigiri 180, pafupifupi 120 okha ndi amene amachokera pa mfundo ya phewa. Madigiri 60 otsalawo amabwera chifukwa scapula nayo yazungulira, nsonga yake yapansi n'kutulukira kunja, kambale kaja n'kuyang'ana kumwamba. Anthu amasiyanako pa manambalawa, koma kwa aliyense scapula iyenera kuyenda. Zimene zimaizunguza ndi serratus anterior pamodzi ndi trapezius yakumtunda ndi yam'munsi. Ikazungulira, denga lija limapatuka panjira. Pisani dzanja pansi pa khwapa mugwire chakumsana, mutukule mkono pang'onopang'ono, muimva nsongayo ikubwera m'zala mwanu.

Gawo 2: Dziyeseni musanakweze kanthu pamwamba pa mutu

Khalani pampando mutakhotetsa msana, mapewa atagwera kutsogolo, mutukule mikono. Onani pamene yathera. Tsopano wongokani, chifuwa chikwere, mutukulenso. Yafika patali. Scapula imayenda pamwamba pa nthiti, ndiye msana wakumtunda ukakhota njira yake imatsekeka.

Kenako imani motsamira khoma, zidendene zitatalikira pang'ono, msana wam'munsi utakhudza khomalo. Tukulani mikono yowongoka kudzera kutsogolo, zala zazikulu zikutsogola, mpaka zigunde khoma pamwamba pa mutu. Ngati zafika msana osanyamuka, ndiponso popanda kuwawa, mukhoza kuyamba kukankha zitsulo m'mwamba. Ngati sizinafike, musakakamize. Yambani ndi kukankha mopendekera kutsogolo, mutatsamira benchi yopendekeka, kapena ndi barbell, chitsulo chachitali chogwira ndi manja onse awiri, imene mbali imodzi mwaitsamiritsa pakona pansi. Minofu yake ndi yomweyo, koma mfundo siifika pamene siingathe. Muzibwereza kudziyesa kwa pakhomaku tsiku ndi tsiku modekha. Nakonso kumamasula phewa.

Gawo 3: Tenthetsani thupi, dzutsani timinofu tam'kati

Mphindi zisanu zoyenda mwandawala, kupalasa njinga kapena kudumpha chingwe n'zokwanira. Kenako mangani lamba wotamuka wofewa pa chinthu cholimba, pamsinkhu wa chigongono. Chigongono chikhale chopinda ndi chomata m'nthiti, mukokere dzanja kunja ngati mukutsegula chitseko, maulendo 15 mbali iliyonse. Chitani ma push-up 10, pakhoma kapena pansi, ndipo mikono ikawongoka musaime pomwepo: pitirizani kukankha mpaka mafupa akumsana aja atalikirane. Kachidutswa komalizako ndi ka serratus anterior. Pomaliza chitani seti (maulendo angapo otsatizana osapuma) imodzi kapena ziwiri za masewera enieniwo ndi theka la kulemera kumene mukufuna kunyamula. Apa mukudzutsa chabe, osati kutopetsa. Rotator cuff yotopa kale siingagwire bwino fupa chitsulo cholemera chikabwera.

Gawo 4: Kukankha chitsulo pamwamba pa mutu

Awa ndi masewera amene m'majimu amati overhead press, ndipo ndi amene amagwiritsa ntchito magulu atatu onse aja nthawi imodzi. Ngati mukuyamba kumene, tengani ma dumbbell, zitsulo zazifupi zogwira ndi dzanja limodzi, chifukwa amalola mkono uliwonse kupeza njira yake.

Imani mapazi atatalikirana molingana ndi chiuno. Finyani matako, mulimbitse mimba ngati wina akufuna kukumenyani nkhonya pamenepo. Kwezani ma dumbbell pamsinkhu wa mapewa. Tsopano yang'anani zigongono: zisakhale m'mbali penipeni ngati mwapachikidwa pakhoma. Zibweretseni kutsogolo pang'ono, madigiri pafupifupi 30. Chifukwa chake n'chakuti nthiti n'zobulungira, ndipo scapula imakhala mopendeka pamwamba pake, kambale kaja katayang'ana chammbali komanso chakutsogolo. Mkono ukayenda motsata kupendeka kumeneku, mutu wa fupa umakhala bwino m'kambalemo ndipo rotator cuff imakoka mosavuta. Nkhonya ikhale pamwamba penipeni pa chigongono, ndipo dzanja lisapindikire kumbuyo.

Kokani mpweya, mukankhe molunjika m'mwamba, muutulutse mukamadutsa povuta. Ngati ndi barbell, igwireni motalikirana kuposa mapewa pang'ono, mubweze chibwano kumbuyo kuti chitsulo chidutse pafupi ndi nkhope, ndipo chikangopitirira chipumi mulowetse mutu pansi pake. Pomaliza chitsulo chikhale pamwamba pa mapewa ndi pakati pa mapazi, mikono pafupi ndi makutu. Amene muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi musamagwire mpweya nthawi yaitali pokankha, chifukwa kutero kumakweza BP kwambiri pa kanthawi kameneko. Yambani mwafunsa dokotala wanu.

M'katimo zikuchitika ndi izi. Kuchokera pamapewa kufika chapamutu, ntchito yaikulu ndi ya deltoid yakutsogolo, yapakati ikuthandiza. Chitsulo chikamakwera, triceps, mnofu wa kuseri kwa mkono, imawongola chigongono, ndipo serratus ndi trapezius zimazunguza scapula kuti kambale kaja kakhale pansi pa katundu. Nthawi yonseyi rotator cuff yagwira mutu wa fupa.

Pali malangizo amene amamveka kawirikawiri akuti mapewa azikhala pansi ndi kumbuyo nthawi zonse. Pa bench press, pokankha chitsulo mutagona chagada pabenchi, ndi abwino. Pokankha m'mwamba, ine ndimawakana. Mukapanikizira scapula pansi uku mukukweza mkono, mwatseka madigiri 60 aja, ndiye mfundo yokha ndi imene ikakamizike kupeza njira, kapena msana wam'munsi upindike kuti ukwaniritse. Chitsulo chikapitirira mutu, asiyeni mapewa akwere nacho, ngati mukufikira chinthu chimene chili pashelefu yapamwamba.

Cholakwa china chofala ndi kupendekera kumbuyo. Thupi limachita zimenezi mwadala, kuti chifuwa chilandire ntchito imene mapewa yawakanika, koma wovutika ndi msana wam'munsi. Mukaona kuti nthiti zatulukira kutsogolo ndipo maso ali kudenga, chitsulocho chalemera. Nanga kukankhira kuseri kwa khosi? Alipo a mapewa omasuka amene amachita popanda vuto. Koma kaimidwe kameneko, mkono utatambasukira chammbali ndi kutembenukira kunja mpaka pothera, ndi kamene phewa limagulukira kutsogolo kawirikawiri pa ngozi, ndipo phindu lake silisiyana kwenikweni ndi kukankhira kutsogolo kwa nkhope. Sindiona chifukwa choti woyamba kumene azikachita.

Gawo 5: Kutukula chammbali, ndi chifukwa chake chitsulo chaching'ono chimalemera

Deltoid yapakati ndi imene imapangitsa mapewa kuoneka otambalala, ndipo imakula bwino ndi lateral raise, kutukula mikono chammbali. Apa ndi pamene ambiri amadabwa: munthu wokankha ma dumbbell a makilogalamu 20 m'mwamba, a makilogalamu 6 n'kumamukanika. Sikufooka ayi. Nyamulani chidebe cha madzi chili pafupi ndi mwendo, kenako muchitalikitse mkono utawongoka. Madzi ndi omwewo, koma phewa likuuzani zina.

Tiyeni tiwerengere. Kuchokera paphewa kufika m'dzanja la munthu wamkulu ndi masentimita pafupifupi 60. Koma deltoid imakoka itadutsa pa mtunda wa masentimita pafupifupi 3 okha kuchokera pakati pa mfundo. Ndiye mkono ukafika pamsinkhu wa phewa, minofu iyenera kukoka kuwirikiza ka 20 kulemera kumene kuli m'dzanja. Makilogalamu 5 amafuna mphamvu yonga yokokera makilogalamu 100, osawerengera kulemera kwa mkono weniweniwo. Mukawonjezera kilogalamu imodzi yokha m'dzanja, kwa minofu ndi ngati mwawonjezera 20. Mukazimvetsa izi simuchitanso manyazi ndi dumbbell yaing'ono.

Kachitidwe kake: weramirani kutsogolo pang'ono chabe, zigongono zipinde pang'ono, manja akhale patsogolo pa mzere wa thupi monga tinachitira pokankha. Zigongono ndi zimene zitsogole. Musaganize zokweza m'mwamba. Ganizani ngati mukufuna kukhudza makoma awiri a chipinda, lakumanja ndi lakumanzere. Imani pamsinkhu wa mapewa. Zikhatho ziyang'ane pansi, kapena zala zazikulu zikwere pang'ono. Ena amaphunzitsa kuti pamwambapo muzipendeketsa manja ngati mukuthira madzi m'kapu. Kutero kumatembenuzira fupa m'kati, ndipo kamtunda ka pa fupalo, pamene supraspinatus imamangirira, kamayandikira denga lija. Ngati phewa lanu limalasa pamenepo, siyani kupendeketsako.

Mudzamva trapezius yakumtunda, pakati pa khosi ndi phewa, ikugwira ntchito. N'zoyenera, chifukwa ikuzunguza scapula. Cholakwika ndi pamene mapewa akuyamba kukwera kumakutu mikono isananyamuke, kapena pamene mukuponya chitsulo ndi chiuno. Dziwaninso kuti ndi dumbbell, mkono ukakhala pansi deltoid siigwira ntchito kwenikweni, popeza chitsulo changolendewera pansi pa phewa; kulemera konse kumadza pamwamba. Chingwe cha pamakina chokokera kuchokera pansi chimakoka ngakhale poyambira, ndipo kugona chammbali pabenchi yopendekeka kumachitanso chimodzimodzi. Kusinthasintha njirazi n'kwabwino.

Gawo 6: Kuseri, kumene galasi silionetsa

Werengani minofu yotembenuzira mkono m'kati: mnofu waukulu wa pachifuwa, latissimus dorsi yotambalala ya m'mbali mwa msana, teres major, subscapularis, deltoid yakutsogolo. Yambiri ndi ikuluikulu, ndipo imalimba nthawi iliyonse mukamachita bench press, ma push-up kapena ma pull-up (kudzikoka m'mwamba mutalendewera pa chitsulo). Tsopano werengani yotembenuzira kunja: infraspinatus, teres minor ndi deltoid yakumbuyo. Basi. Mbali imodzi ili ndi zimphona, inayo tiana titatu, ndipo masewera otchuka onse amadyetsa zimphonazo. Apa ndi pamene ine ndinagwera.

Choyamba ndi kukoka, ma row a mtundu uliwonse, ndiko kukokera chitsulo kapena chingwe chakumimba kwanu. Lolani scapula ipite kutsogolo mkono ukawongoka, kenako muikokere kumsana pamodzi ndi chigongono. Chigongono chisapitirire kwambiri kuseri kwa thupi mpaka nsonga ya phewa kugwera kutsogolo. Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti maseti okoka pa mlungu asachepe kuyerekeza ndi okankha.

Chachiwiri ndi deltoid yakumbuyo payokha. Weramani mpaka chifuwa chiyang'ane pansi, msana wowongoka, kapena gonani chafufumimba pabenchi yopendekeka. Tambasulani mikono chammbali ndi ma dumbbell opepuka, osafinya kwambiri mafupa akumsana, kuti ntchito isalandidwe ndi ma rhomboid ndi trapezius. Face pull nayo ndi yabwino: kokerani chingwe kapena lamba kumaso, zigongono zili m'mwamba, ndipo pomaliza nkhonya zikhale pamwamba pa zigongono chakumakutu. Imagwira deltoid yakumbuyo ndi timinofu totembenuzira kunja nthawi imodzi.

Chachitatu n'chosaoneka bwino koma musachinyoze. Gonani chammbali, pindani kansalu muike pakati pa chigongono ndi nthiti, chigongono chitapinda, dumbbell ya kilogalamu imodzi kapena awiri m'dzanja. Tukulani dzanja kuchokera pamimba kupita kumwamba, chigongono osasuntha, mubweze pang'onopang'ono. Muyenera kumva kutentha kuseri kwa phewa. Chitani zimenezi kumapeto kwa tsiku la masewera, osati poyamba.

Gawo 7: Liyang'anireni phewa pa masewera amene si a phewa

Mapewa ambiri savulala pa tsiku la mapewa. Pa bench press, finyirani mafupa akumsana pamodzi ndi kuwatsamiritsa pabenchi musananyamule chitsulo, kuti mkono ukhale ndi pokankhira polimba. Zigongono zisatambasuke molingana ndi mapewa. Zikhale madigiri 45 mpaka 60 kuchokera m'nthiti. Deltoid yakutsogolo imagwira ntchito yaikulu pamenepa, ndipo n'chifukwa chake munthu amene amachita bench press ndi overhead press safunikira kwenikweni kutukulanso ma dumbbell kutsogolo. Pa push-up n'zosiyana: msana ulibe chotsamira, ndiye isiyeni scapula iyende, kuyandikana potsika ndi kutalikirana pokwera. Pa ma dip, potsika ndi kukwera mutatsamiritsa manja pa zitsulo ziwiri, tsikani mpaka mkono wakumtunda ugone molingana ndi pansi, osapitirira. Pa pull-up, musamadzigwetse mwadzidzidzi pobwerera; kulemera kwa thupi lonse kumagwera paphewa nthawi imodzi. Ndipo ngati mumakonda upright row, kukokera chitsulo m'mwamba chakuchibwano mutaimirira, gwirani motalikirana, zigongono zisapitirire msinkhu wa mapewa.

Gawo 8: Kulemera, kubwereza ndi kupuma

Mnofu umagwira ntchito m'njira zitatu: umafupika pokweza, umagwira osayenda mukaimika chitsulo malo amodzi, ndipo umatalika uku ukukokabe potsitsa. Mnofu umene wakweza ndi womwewo umene umatsitsa. Pobweza chitsulo kuchokera pamutu, deltoid ndi imene ili ngati buleki. Pa mbali imeneyi mnofu umakhala ndi mphamvu zambiri kuposa pokweza, ndipo kutsitsa kumathandiza kwambiri pa kukula kwake. Wosiya chitsulo chigwe chokha wataya theka la ntchito. Tsitsani kwa masekondi awiri kapena atatu.

Malangizo a bungwe la WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azilimbitsa minofu yonse ikuluikulu masiku osachepera awiri pa mlungu, ndipo kwa mapewa masiku awiri ndi poyambira pabwino, patadutsa maola 48 pakati pake. Tsiku lililonse likhoza kukhala chonchi: overhead press maseti atatu a maulendo 6 mpaka 10, row maseti atatu a 8 mpaka 12, kutukula chammbali maseti atatu a 12 mpaka 20, deltoid yakumbuyo kapena face pull maseti awiri a 15 mpaka 20, kenako kutembenuzira kunja kuja maseti awiri a 15. Pumani mphindi ziwiri pakati pa maseti olemera, imodzi pa opepuka. Malizani seti muli ndi mphamvu yoti mukanachita maulendo ena awiri bwinobwino. Mukafika pa nambala yapamwamba m'maseti onse, wonjezerani kulemera kochepetsetsa kumene mungapeze, n'kuyambiranso pa nambala yapansi.

M'milungu yoyambirira mphamvu zimakwera mofulumira modabwitsa. Si kuti minofu yakula kale. Ndi ubongo ndi mitsempha yake zimene zaphunzira kudzutsa ulusi wambiri wa mnofu nthawi imodzi ndi kugwirizanitsa magulu aja. Minyewa siyenda liwiro limenelo. Imalandira magazi ochepa kuyerekeza ndi minofu ndipo imalimba mochedwa, pa miyezi. Choncho mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene mukumva kuti mungathe kunyamula chilichonse, ndi pamene muyenera kudzigwira kwambiri. Kukula kwenikweni kumachitika mukupuma: gonani maola 7 kapena kuposa, ndipo wofuna kukulitsa minofu amafunika mapuloteni okwana magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku.

Gawo 9: Siyanitsani kuphwanya ndi kuvulala

Kuphwanya kwa minofu kumayamba patapita maola angapo, kumafika pachimake pakati pa maola 24 ndi 72, ndipo kumatha kokha mlungu usanathe. Kumamveka m'nyama, paliponse pa mnofuwo, ndipo kumachepa mukayamba kuyendayenda. Kumeneko si kuvulala. Kulira kwa phewa kopanda ululu nakonso kawirikawiri si vuto.

Ululu woyenera kuumvera ndi wolasa, wa malo amodzi, wa m'kati mwa mfundo. Ngati ukubwera mkono ukamadutsa pakati pa madigiri 60 ndi 120 potukula chammbali, n'kuchepa mukapitirira, nthawi zambiri ndi minyewa ya rotator cuff kapena kathumba kaja. Ngati uli pamwamba penipeni, poti mungathe kulozapo ndi chala chimodzi pamene fupa lopingasa limakumana ndi acromion, ndi kamfundo ka pamenepo, ndipo bench press ndi ma dip ndi zimene zimakaputa. Musasiye zonse n'kukhala pansi, chifukwa phewa losayenda limauma. Chepetsani kulemera, fupikitsani mtunda umene mkono ukuyenda, tembenuzani zikhatho ziyang'anane pokankha, pitirizani kukoka ndi kutembenuzira kunja ngati sizikuwawa. Pakatha milungu iwiri osasintha, kapena ululu ukamakudzutsani usiku, kaonaneni ndi dokotala kapena katswiri wa mafizo.

Zina n'zosadikira. Ngati munamva chinthu chikuduka m'phewa ndipo mkono ukukanika kutukuka, ngati dzanzi kapena kufooka kwatsikira mpaka m'zala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Phewa likaguluka, maonekedwe ake n'kusintha, musalole munthu wosaphunzira kulikoka kuti alibwezere; pafupi pomwepo pamadutsa mtsempha umene umayendetsa deltoid, ndipo mwina fupa lathyokanso. Ululu wa paphewa kapena mkono, makamaka wakumanzere, wobwera pamodzi ndi kulemera pachifuwa, kubanika, nseru kapena thukuta lozizira ukhoza kukhala wa mtima. Siyani chitsulo pomwepo, muitanitse thandizo mwamsanga.

Mukachira n'kumabwerera ku zitsulo, yambani ndi theka la zimene munkanyamula, ndipo kukankha pamwamba pa mutu kukhale komaliza kubwezeretsa. Musaweruze phewa ndi mmene likumvekera mukamachita masewerawo pokha, chifukwa thupi lotentha limabisa zambiri. Liyeseni m'mawa mwake: tukulani mkono kutsogolo, chammbali, mufikire pakati pa msana. Ngati lili ngati dzulo kapena lapepukako, wonjezerani pang'ono ulendo wotsatira. Ngati lawawa kuposa dzulo, bwererani pa kulemera kwa mlungu wathawu mukhalepo milungu ina iwiri.